Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Mbiri ya Malonda a Zikopa za Nyama

Akuluakulu akale adasiya mwambi wakuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada." Kawirikawiri mwambiwu amauponyera mwana wosusuka, amene dzanja lina lili m'mbale ya nyama pamene maso ali m'mbale ya nsomba. Komatu pali mbiri ina ya dziko lapansi imene imaumasulira mwambiwu momveka kuposa nkhani ya mwana wosusukayo. Iyi ndi mbiri ya malonda a zikopa za nyama zaubweya, malonda amene adasamutsa malire a mayiko, adalemeretsa anthu owerengeka, adagwetsa mitundu ya anthu mu ngongole ndi m'nkhondo, ndipo adatsala pang'ono kufafaniza nyama zina padziko. Gwero la zonsezi lidali laling'ono: munthu wa mumzinda wakutali ankafuna kuti anzake amuone kuti watchena.

CHIKOPA CHISANAKHALE NDI MTENGO

Nsalu za m'sitolo zisanafike, makolo m'dziko la Amaravi ankavala chiwondo chosula kuchokera ku makungwa a mitengo, nsalu za thonje zoluka pamanja, ndiponso zikopa. Mlenje akabwera ku uzimba, chikopa ankachikhoma pansi ndi zikhomo kuti chiume, kenaka ankachipala ndi kuchifufuta ndi mafuta mpaka chifewe. Chikopa cha mbuzi kapena cha gwape chidali cha munthu aliyense: ankaberekera mwana, kukhalapo, kapena kukuta nacho ng'oma.

Koma zikopa zina zidali ndi mwini wake nyamayo isanafe n'komwe. Mkango kapena kambuku, amene ena amamutcha nyalugwe, akaphedwa, chikopa chake chinkapita kwa mfumu ngati mtulo, monga momwe inkapitira nyanga ya njovu imene yagunda pansi njovuyo pakugwa. M'maufumu a Kalonga ndi Undi, mtulo wotere unkakwera kuchokera kwa nyakwawa mpaka kukafika kwa mfumu yaikulu. Munthu wamba wobisa chikopa cha kambuku m'nyumba mwake ankaoneka ngati akulimbirana mpando ndi mfumu, ndipo udali mlandu waukulu.

Nkosayenera kukometsa mbiri mopitiriza ndi kunena kuti makolo adaika mwambowu pofuna kuteteza nyama. Cholinga chake chidali ulamuliro. Koma zotsatira zake zidali zakuti ovala chikopa chotere adali owerengeka, ndipo mlenje sankapindula kanthu pakusaka akambuku ambirimbiri. Kambuku ankaphedwa akalowerera m'khola la mbuzi kapena akavulaza munthu.

Chodabwitsa nchakuti maganizo omwewa adaliko ku Ulaya. M'chaka cha 1337, mu ulamuliro wa mfumu Edward III, dziko la England lidakhazikitsa lamulo loletsa anthu wamba kuvala ubweya wa nyama pa zovala zawo. Ololedwa adali a banja lachifumu, nduna, mabishopu ndi akuluakulu ena olemekezeka. Kanyama koyera kotchedwa ermine kadasanduka chizindikiro cha ufumu, kotero kuti mikanjo ya mafumu pa tsiku lolongedwa ufumu inkakongoletsedwa ndi ubweya wake. Kusiyana kwake kudabwera pamene amalonda a m'mizinda ya ku Ulaya adalemera. Lamulo lidalephera kuwaletsa, ndipo chimene chidali chizindikiro cha mpando chidasanduka katundu amene aliyense wa thumba lolemera akadatha kugula. Kuyambira pamenepo chiwerengero cha nyama zophedwa chidayamba kutsata chilakolako cha ogula.

MTULO WA KU SIBERIA

Nyama zaubweya wabwino zimakhala m'mayiko ozizira kwambiri, chifukwa chisanu ndicho chimachititsa ubweya kuchindikala. Zitayamba kuchepa m'nkhalango za ku Ulaya, maso a amalonda adatembenukira kummawa, kuseri kwa mapiri a Ural, ku dziko lalikulu la Siberia. Kumeneko kudali kanyama kooneka ngati likongwe, kaubweya wakuda wonyezimira, kamene anthu a ku Russia amakatcha sobol. Chikopa chake chidali chopepuka kunyamula koma chokwera mtengo, mwakuti ankachiyerekeza ndi golide.

M'chaka cha 1582 msilikali wina dzina lake Yermak, wothandizidwa ndi banja lolemera la Stroganov, adalanda likulu la mfumu Kuchum kutsidya kwa mapiriwo. Zimene zidatsatira zikukumbutsa mwambi uja wakuti tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Asilikali ndi alenje ankamanga linga pa mtsinje umodzi, n'kusaka mpaka nyama zitatha, kenaka n'kudumphira ku mtsinje wina chakummawa. Pofika 1639, patangotha zaka 57, gulu la Ivan Moskvitin lidali litafika kunyanja ya mchere ya Okhotsk, kumapeto kwenikweni kwa Asia.

Eni nthaka a ku Siberia adaikidwa pa msonkho wotchedwa yasak, umene udali mtulo wa zikopa woperekedwa chaka ndi chaka ndi mwamuna aliyense wamphamvu zake. Pofuna kuti mtulowo usalephereke, asilikali ankagwira atsogoleri a mafuko kapena ana awo ndi kuwasunga m'linga ngati chikole. Apa mpamene pakuoneka kusiyana kwa mtulo wa mwambo ndi mtulo wa msika. Mfumu ya mwambo inkalandira chikopa chimodzi cha nyama imene yaphedwa kale pa chifukwa china. Boma la ku Moscow linkaitanitsa zikopa mwa chiwerengero, nyamazo zilipo kapena palibe.

Ulendo wa Vitus Bering wa mu 1741 udatsegula njira ya ku Alaska, ndipo otsala a ulendowo adabwerako ndi zikopa za katumbu wa m'nyanja ya mchere, zimene zidagulidwa pa mtengo wokwera zedi ku China. Anthu a mtundu wa Aleut adakakamizidwa kusaka akatumbuwo, mabanja awo ali m'manja mwa amalonda. Nyamazo zitachepa, phindu la derali lidatsika, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zifukwa zimene Russia idagulitsira Alaska kwa dziko la United States mu 1867 pa mtengo wa madola 7.2 miliyoni.

CHIPEWA CHIMENE CHIDAGAWA DZIKO

Pamene izi zinkachitika kummawa, kumadzulo, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, kudabuka malonda ena aakulu. Mwini nkhani kumeneko adali nyama yotchedwa beaver. Ndi mbale wake wa mbewa ndi nchenzi, koma ndi wamkulu, wotha kulemera makilogalamu 20, ndipo amakhala m'madzi monga katumbu. Mchira wake ndi wophwatalala ngati nkhafi. Ndi mano ake amagwetsa mitengo n'kutchinga nayo mitsinje, ndipo pa dziwe limene lapangikalo amamanga nyumba yake ya timitengo ndi matope.

Tsoka la nyamayi lidali mu ubweya wake wam'kati. Ubweyawo uli ndi timinga tosaoneka ndi maso, ndipo ukametedwa, n'kuunyowetsa ndi kuupsinja, umalumana wokha n'kukhala nsalu yolimba yosaluka, yosalowa madzi. Nsalu imeneyi ndiyo inkapanga zipewa zabwino koposa ku Ulaya. Kwa zaka zoposa 200 mwamuna wolemekezeka, kaya ndi woweruza, mkulu wa asilikali kapena wamalonda, sankatuluka m'nyumba popanda chipewa. Mu 1661 Samuel Pepys, mkulu wina wa m'boma ku London, adalipira mapaundi 4 ndi masheleni 5 pa chipewa chimodzi cha beaver, ndalama zoposa zimene mtsikana wantchito za m'nyumba ankalandira kawirikawiri pa chaka chathunthu.

Popeza beaver wa ku Ulaya adali atatsala pang'ono kutha, mayiko adathamangira ku North America. Samuel de Champlain wa ku France adakhazikitsa Quebec mu 1608 ngati malo ogulirapo zikopa. Adatchi adamanga Fort Orange mu 1624, pamene lero pali mzinda wa Albany, ndipo mpaka lero chidindo cha mzinda wa New York chili ndi chithunzi cha beaver. Kenaka amalonda awiri Achifalansa, Radisson ndi Groseilliers, atakhumudwa ndi akuluakulu a kwawo, adapita kwa Angerezi ndi nzeru yolowera kumpoto ndi zombo. Pa 2 Meyi 1670 mfumu Charles II idapereka chikalata kwa kampani ya Hudson's Bay, choipatsa ulamuliro pa dera lonse limene mitsinje yake imathira m'nyanja ya Hudson, dera la masikweya kilomita pafupifupi 3.9 miliyoni. Mfumuyo idali isanaliwonepo dzikolo, ndipo eni ake sadafunsidwe. Anthu a ku Zambia ndi Zimbabwe akuidziwa bwino njira imeneyi, pakuti ndi chikalata cha mtundu womwewu chimene kampani ya Cecil Rhodes idalandira mu 1889.

MLENDO NDI KALUMO KAKE

Pali mwambi wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo poyamba zidalidi choncho. Azungu sankadziwa kusaka beaver kapena kuyenda m'nkhalango za chisanu. Alenje adali eni nthaka, monga mitundu ya Cree, Ojibwe ndi Innu, ndipo ankasinthanitsa zikopa ndi mipeni, nkhwangwa, mapoto amkuwa, singano, mabulangete, fodya, mfuti ndi wonga. Poto wamkuwa adapeputsa ntchito ya mayi, ndipo nkhwangwa yachitsulo idaposa yamwala. Ndalama yachitsulo kudalibe. Muyeso wa mtengo udali chikopa chimodzi chabwino cha beaver wamkulu, ndipo katundu aliyense ankawerengedwa ndi muyeso umenewo. Mfuti imodzi inkadya zikopa zoposa 10.

Eni nthakawo sadali opusa pa malonda. Ankakana mfuti zosweka ndi chisanu, ankafuna mphatso malonda asanayambe monga mwa mwambo wawo, ndipo ankadziwa kuopseza Angerezi kuti akapanda kuwonjezera, zikopa zipita kwa Afalansa. Chinawaseketsa nchakuti azungu ankalipira bwino koposa pa zikopa zimene munthu wavala kale nyengo yonse yachisanu. Chifukwa chake chidali chakuti pakuvala, ubweya wautali wakunja unkathothoka, ndipo thukuta ndi mafuta a thupi zinkafewetsa ubweya wam'kati, motero wosula zipewa ankaupeza wokonzeka kale. Chovala chakutha cha mlenje chinkakathera pamutu pa nduna ya ku Paris.

Ntchito yaikulu idali m'manja mwa amayi. Ndiwo ankapala ndi kuumitsa zikopa, kusoka nsapato, kumata mabwato amakungwa, ndi kukonza kamba wa paulendo wa nyama yofutsa yosinja pamodzi ndi mafuta. Amalonda ambiri adakwatira akazi a m'mitunduyi, amene adakhalanso otanthauzira ndi ankhoswe pakati pa mbali ziwirizo. Ana a maukwati amenewa ndiwo adabala mtundu watsopano wotchedwa Métis, umene ulipo mpaka lero ku Canada.

Koma kalumo kakuthwa kamameta ndiponso kamacheka. Pofika cha m'ma 1640, beaver adali atachepa m'dziko la mtundu wa Iroquois. Popeza adali atazolowera mfuti za Adatchi, adatembenukira kwa anansi awo amene adali ndi zikopa ndi njira za malonda. Pakati pa 1648 ndi 1650 adaphwasula midzi ya mtundu wa Huron, umene udali utafooka kale ndi nthomba ndi matenda ena obwera ndi alendo. Nkhondozi zidapitirira mpaka pangano la mtendere la ku Montreal la mu 1701. Nthomba idabweranso mwamphamvu cha m'ma 1781, n'kutsata njira zomwezo za amalonda, ndipo idapulula midzi yambiri.

Mu 1779 amalonda a ku Montreal adapanga kampani ina, ya North West, ndipo mpikisano wa makampani awiriwa udabweretsa zoipa ziwiri. Choyamba chidali mowa waukali, umene ankauthira madzi n'kumaugawa pofuna kukopa alenje. Chachiwiri chidali ngongole. Mlenje ankapatsidwa wonga, misampha ndi bulangete nyengo yosaka isanayambe, kuti adzabweze ndi zikopa. Chaka chikavuta, ngongole inkagonera, ndipo munthu amene makolo ake ankasaka kuti adye adayamba kusaka kuti abweze. Makampaniwo adaphatikizana mu 1821. Pambuyo pake bwanamkubwa wa kampaniyo, George Simpson, adalamula kuti dera la mtsinje wa Snake lisakidwe mpaka beaver atheretu, cholinga chili chakuti alenje a ku United States akafika apeze mopanda kanthu n'kubwerera. Peter Skene Ogden adatsogolera maulendo a ntchito imeneyi kuyambira 1824 mpaka 1830. Apa nyama inkaphedwa dala kuti mnzako asaipeze.

Kutha kwa beaver kudakhudzanso nthaka. Madamu ake atagumuka, maiwe adaphwa, madambo adauma, ndipo mitsinje imene inkayenda mofatsa idayamba kukumba zigwembe. Akatswiri amayerekeza kuti azungu asanafike nyamazi zidalipo zosachepera 60 miliyoni, koma pofika 1900 zidali zitatheratu m'madera ambiri.

FASHONI ITATEMBENUKA

Chimene chidapulumutsa beaver sichidali chifundo. M'zaka za m'ma 1830 njonda za ku Paris ndi London zidayamba kukonda zipewa za silika, ndipo mtengo wa chikopa udagwa. John Jacob Astor, amene adayambitsa kampani ya American Fur mu 1808, adaona mphepo kumene inkalowera. Adagulitsa gawo lake mu 1834, chuma chake n'kuchiika m'malo a mumzinda wa New York, ndipo pomwalira mu 1848 adali munthu wolemera koposa m'dziko la United States. Alenje a kumapiri ndi eni nthaka, amene adalibe kwina kothawira, adatsala ndi misampha ndi ngongole.

Nawo osula zipewa adalipira ndi matupi awo. Beaver atakwera mtengo, iwo adayamba kugwiritsa ntchito ubweya wa akalulu, umene sulumana bwino pokhapokha utapakidwa mankhwala a mercury. Nthunzi ya mankhwalawa inkawononga mitsempha, mwakuti amisiri ambiri ankanjenjemera manja, kuguluka mano ndi kusokonezeka mutu. Ku United States mankhwalawa adaletsedwa pa ntchitoyi mu 1941. Nchifukwa chake akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wovala chipewa chonyezimira mumsewu sankaona dzanja lonjenjemera limene lidachisula.

Mu 1870 kampani ya Hudson's Bay idapereka dera lake lija kwa dziko la Canada, n'kulandira mapaundi 300,000, ndipo pang'ono ndi pang'ono idasanduka kampani ya masitolo. Idaleka kwa kanthawi kugulitsa zovala zaubweya mu 1991, ndipo mu 2025, itakhala zaka 355, idagwa ndi ngongole n'kutseka masitolo ake onse. Beaver yekha adabwerera m'mitsinje chifukwa cha malamulo oteteza, ndipo mu 1975 Canada idamulemekeza mwalamulo ngati chizindikiro cha dzikolo.

CHAONA MNZAKO CHAPITA

Mdzukulu wowerenga angafunse kuti nkhani za mayiko achisanuzi zikukhudza bwanji anthu a ku Africa. Yankho lili m'mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chilakolako cha fashoni sichidathe pamene chipewa cha beaver chidatha. Chidangosamukira pa nyama zina, ndipo tsiku lina chidafika pa kambuku.

M'chaka cha 1962 zikopa ziwiri zidaonekera pamaso pa dziko. Mu Okotobala, Nelson Mandela adalowa m'bwalo la milandu ku Pretoria atafunda chikopa monga mwa mwambo wa mafumu a kwawo, ndipo m'buku la mbiri ya moyo wake adafotokoza kuti chidali cha kambuku. Adachita izi kuti woweruza wachizungu aone kuti woimbidwa mlanduyo ndi mwana wa Africa wokhala ndi mbiri ndi ulemu wake. Chaka chomwecho Jacqueline Kennedy, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la United States, adavala chikhoti cha zikopa za akambuku a ku Somalia, chimene adamukonzera katswiri wa zovala Oleg Cassini. Zithunzi zake zitatuluka m'manyuzipepala, amayi olemera a ku America ndi ku Ulaya adafuna chawo, ndipo chikhoti chimodzi chinkadya akambuku angapo.

M'chaka cha 1968 chokha, dziko la United States lidaitanitsa zikopa za akambuku zoposa 9,000, osawerengera zimene zidapita ku Ulaya. M'madera ena a kummawa kwa Africa opha nyama adayamba kuthira poizoni pa nyama yakufa, chifukwa poizoni saboola chikopa monga chichitira chipolopolo. Pamodzi ndi kambuku pankafanso afisi, ankhandwe ndi miimba. Monga zidalili ku Canada, mlenje wa kumudzi ankalandira kachigawo kakang'ono ka mtengo umene chikhoticho chinkagulidwira m'sitolo. Cassini mwini wake adadzamva chisoni ndi zimene chikhoti chake chidayambitsa, ndipo pa ukalamba wake adalimbikitsa ubweya wopanga m'fakitale.

Mayiko adadzidzimuka. Pa 3 Malichi 1973 adasaina ku Washington pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1975. Kambuku adaikidwa pa mndandanda woyamba, umene umaletsa kugulitsa zikopa zake pakati pa mayiko pofuna phindu. Malawi idalowa m'panganoli mu 1982.

Njira ina imene amalonda adatsata idali yoweta nyamazo. Kuweta ankhandwe aubweya wasiliva kudayamba pa chilumba cha Prince Edward ku Canada m'zaka za m'ma 1890, ndipo pambuyo pake kanyama kotchedwa mink kadadzaza zikwere m'mafamu a ku Ulaya, America ndi China. Ku Africa nakonso, nkhosa za mtundu wa karakul zidafika m'dziko limene lero ndi Namibia mu 1907. Kamwana ka nkhosayo kamaphedwa patangopita tsiku limodzi kapena awiri chibadwire, ubweya wake wopotanawo usanamasuke. Koma ulimi wa m'zikwere udadzutsa mkangano wina, wa nkhanza kwa nyama. Britain idakhazikitsa lamulo loletsa mafamu otere mu 2000. Kampani ya zovala ya Gucci idalengeza mu 2017 kuti ikusiya ubweya wa nyama. Mu Novembala 2020 boma la Denmark lidalamula kuti mink onse m'dzikolo, oposa 15 miliyoni, aphedwe chifukwa kachilombo ka COVID-19 kadalowa m'mafamu.

DZEDZEREDZEDZERE SALINGANA N'KUGWERATU

Nkhaniyi ikanakhala yosavuta chikhala kuti olakwa onse adali akutsidya kwa nyanja. Koma lero mbali ina ya vuto la kambuku ili pakati pa eni mwambo. Chikopa chimene kale chidali cha mfumu ndi ngwazi zowerengeka, masiku ano aliyense wokhala ndi ndalama amachifuna kuti akaoneke nacho pa chikondwerero. Zimene zidachitika ku England lamulo la 1337 litafooka zikuchitikanso: mpanda wa mwambo wagwa, ndipo msika walowa.

Ku South Africa, amuna a mpingo wa Nazareth Baptist, umene adayambitsa Isaiah Shembe, amavala zikopa za akambuku pamapewa pa misonkhano yawo ikuluikulu, ndipo mpingowo uli ndi anthu ochuluka zedi. Mu 2013 bungwe loteteza nyama la Panthera, mogwirizana ndi atsogoleri a mpingowo, lidayamba kugawa zovala zopanga m'fakitale zofanana kwambiri ndi chikopa chenicheni, ndipo zoposa 18,000 zidagawidwa. Mu 2019 ufumu wa Alozi kumadzulo kwa Zambia udayamba ntchito yofanana nayo, kuti opalasa bwato la Nalikwanda pa mwambo wa Kuomboka azivala zopangazo m'malo mwa zikopa za akambuku ndi anjuzi. Chofunika kuchiona nchakuti m'malo onse awiriwa atsogoleri a eni mwambo adatengapo mbali pa ntchitoyi. Ng'oma zikulirabe, bwato likuwolokabe, ndipo mwambo sudachepe.

Funso lomweli lili pakhomo pa aliyense wokonda chikhalidwe, kaya ndi wovina ingoma ku Umthetho kuphiri la Hora, ku Umhlangano ku Ntcheu, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni. Zibiya ndi zishango ndi chuma cha mtundu, ndipo zambiri zimapangidwa ndi zikopa za ng'ombe ndi mbuzi, zimene sizisowa. Koma nyama zamawanga za kutchire zilibe khola loziswetsa. Nkhalango ya Majete ku Chikwawa ndi mboni. Nyama zake zidatha ndi kusaka kosaloledwa, ndipo bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2003, lidachita kuitanitsa akambuku kuchokera ku South Africa mu 2011, kenaka mikango mu 2012. Dziko limene mafumu ake ankalandira zikopa za akambuku ngati mtulo lidafika pokatenga kambuku wamoyo kwa anansi.

Komabe akulu adati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Beaver adabwerera. Akatumbu a m'nyanja ya mchere, amene adatsala ochepa kwambiri pamene mayiko anayi adasaina pangano lowateteza mu 1911, adachulukanso. Akambuku a ku Majete akuswana. Mbiri ikuonetsa kuti nyama imabwerera anthu akaipatsa mpata, koma mpatawo umayenera kuperekedwa mbewu isanatheretu.

Motero banja limene lili ndi chikopa chakale cha agogo lichisunge bwino, lichipake mafuta, lichiteteze ku njenjete, ndipo ana afunse akuluakulu akadali moyo kuti nyamayo idaphedwa liti, ndi yani, ndipo chifukwa chiyani. Chikopa chotero ndi buku la mbiri ya banja. Koma munthu wina akabwera pamsika kapena pa chikondwerero ndi chikopa chatsopano chamawanga, akuitanira malonda, mdzukulu wanzeru ayambe wafunsa kumene chachokera, akumbukirenso kuti kugula chikopa cha nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pamaso pa malamulo a dziko. Pusi uja adagwa chifukwa sadadziwe nthambi yolekezera.